Dzina Linatsala pa Chitseko

Dzina loti Digiri anamupatsa ndi anyamata a pamsewu wa kwawo, chifukwa anapita kunja kukatenga digiri n'kubwerako ndi chikwama chimodzi cha zovala zosachapa. Mayi ake anamwalira iye ali m'chaka chachiwiri kukoleji. Anakwera ndege kubwera kumaliro, ndipo maliro atatha miyendo inakana kubwerera. Poyamba dzinalo linkamulasa. Kenako linafewa ngati nsapato yovala tsiku ndi tsiku, mpaka Nesi, chibwenzi chake, ankamuitana nalo akakhala kuti wamukondweretsa.

Nesi anali atapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba m'dziko lomwelo limene Digiri anachokako, ndipo viza yake inali itatuluka kale. Malamulo ankalola kuti mwamuna wake amutsatire. Choncho zinthu zinali pamzere: amange ukwati ku ofesi ya boma, Digiri apemphe viza ngati mwamuna wa Nesi, akakafika mwina akamalize sukulu ija. Zotsala zinali ziwiri, mapepala ndi mawu a bambo ake a Nesi, amene anali asanavomere komanso asanakane.

Mapepala a viza m'dera lonselo ankalembedwa ndi munthu mmodzi, Sitampa, m'kashopu kake kopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo ometera. Sitampa anafunsirapo Nesi kale n'kukanidwa, koma sanasiye kusita malaya pa masiku amene wamva kuti Nesi abwera. Tsiku limenelo anawalandira onse awiri ngati abale, n'kupukuta mpando umodzi wokha.

Atafika pa funso la komwe Digiri ankakhala ali kunja, Digiri anatchula msewu, nambala ya nyumba ndi ya chipinda osaganiza n'komwe, ngati mmene munthu amatchulira mudzi wa kwawo. Sitampa anati chizolowezi chake n'kuyamba wafufuza dzina ndi adiresi pa intaneti, kuti a kwa kazembe asadzamudzidzimutse kasitomala wake. Analemba, anadikira, kenako anayang'anitsitsa kompyuta nthawi yaitali kuposa imene munthu amafuna powerenga mizere yochepa. Potembenuza kompyuta, anailozetsa kwa Nesi.

"Achemwali, mwamuna wanuyu ali ndi mlandu kutsidyako."

Unali mndandanda wa nkhani zodzamvedwa mwezi wamawa kubwalo loona mikangano ya eni nyumba ndi anthu alendi. Dzina lenileni la Digiri linalipo lonse, ndi la pakati lomwe, limene ankalitchula mayi ake okha. Mwini nyumba ankadandaula kuti munthu wake walendi akukana kutuluka ngakhale anauzidwa kalekale, ndiponso kuti madzi ochokera m'chipinda chake anaononga siling'i ya anthu a pansi.

Sitampa anafotokoza modekha, ngati dokotala wopereka uthenga woipa, kuti waona zambiri ali pampando umenewo ndipo munthu wa mlandu sanamuonepo akupatsidwa viza. Anaonjezera kuti ngakhale viza yotuluka kale imatha kuunikidwanso mwini wake akadzimangirira kwa munthu wotere. Kumene anazimva zimenezi sananene. Pomaliza anauza Nesi kuti akafuna uphungu payekha, shopu yake sitsekedwa msanga.

* * *

Anayenda mpaka pamalo okwerera basi. Nesi ndiye anayamba kulankhula. Anafunsa kuti munthu amene wakhala kuno zaka ziwiri, amene iye amamuona pafupifupi tsiku lililonse, angakane bwanji kutuluka m'chipinda chimene chili kutsidya kwa nyanja.

Yankho Digiri anali nalo, koma linali ndi munthu mkati.

Kunja kuja, ana ochokera kuno ali ndi kachitidwe kawo. Chipinda chimavuta kupeza: mwini nyumba amafuna chilolezo chokhalira m'dziko, kalata ya sukulu, ndi munthu wokuikira umboni. Ndiye mmodzi akachipeza, chipindacho sichibwezedwa. Wochoka amasiyira kiyi mnzake, mnzakeyo n'kudzasiyira wina, dzina la papepala n'kukhalabe la woyamba uja. Amati chipinda sichifa. Palibe amene amakuona ngati kuba. Amakuona ngati kusiyirana mpando m'basi.

Tsiku limene Digiri analandira foni ya maliro, woyamba kufika anali mchimwene wake wa Nesi, amene anyamata kumeneko ankamutcha Bigi. Nthawi imeneyo Digiri sankadziwa n'komwe kuti Bigi ali ndi mlongo. Bigi ndiye anamupezera malo m'ndege, anamulongezera chikwama iye atangokhala pabedi manja ali lende, anamunyamulira mpaka kubwalo la ndege. Kumeneko Digiri anamupatsa kiyi. Bigi ankagona m'makhitchini a anzake chifukwa chilolezo chake chinali chitatha, ndipo anati angosunga chipindacho mpaka mwini wake abwere. Bigi anamupatsira Digiri kaphukusi ka nsapato zopita kwa bambo ake, ndi pempho limodzi: kwawo asakamve kuti sukulu inamukanika ndiponso kuti mapepala ake anafa. Kwawo ankadziwa kuti Bigi amagwira ntchito muofesi ndipo ali ndi nyumba yakeyake.

Nsapato zija Digiri anakapereka patapita miyezi, ndipo amene anatsegula chitseko anali Nesi.

Zonsezi sanazinene pamalo okwerera basi. Anangoti kiyi anasiyira munthu wina wa konkuno, ndipo amuimbira foni. Nesi anafunsa dzina. Digiri anati dzina silithandiza.

"Ukamubisa munthu kwa ine, ndiye kuti ndi mkazi," anatero Nesi. "Apo ayi ndi munthu amene umamuopa kuposa mmene umaopera kunditaya."

Basi inafika, iye n'kukwera yekha. Sanakhale kuwindo.

* * *

Bigi sanayankhe foni mpaka Digiri atamutumizira chithunzi cha mndandanda uja. Ndiye anaimba yekha, mbale zikugundana kumbuyo kwake, mawu ake ali osangalala ngati munthu amene wakumana ndi mnzake pamsika. Chiyambireni kumva za chibwenzi chija ankamutcha Digiri mlamu, ndipo ankalitchula mawuwo ngati akumupatsa udindo.

Anati nkhani ya madzi ndi yaing'ono, paipi inali yokalamba kuposa mwini nyumbayo. Anati mdalayo akufuna kugulitsa nyumba, ndiye akungofunafuna chifukwa. Anati makalata onse wakhala akuwayankha mwaulemu, ndipo ngakhale gogo wa chipinda choyang'anizana nacho amamuitana ndi dzina lenileni la Digiri. Dzinalo, anatero akuseka, walisamala bwino, silinagonepo ndi njala.

"Mwakhala mukusaina makalata a bwalo m'dzina langa?"

"Nanga ndikanasaina m'dzina la ndani, mlamu? Langa kuno ndi lakufa."

Digiri anafotokoza za viza, za ukwati, ndi za tsiku limene Nesi ayenera kuyamba ntchito. Mbale zija zinasiya kulira. Zikuoneka kuti Bigi anatuluka panja, chifukwa mawu ake atabweranso anabwera ndi mphepo, ndipo kuseka kunali kutatha. Anati dzina lake likangofika kubwalo la nyumba lifikanso kwa a zolowa ndi kutuluka, ndipo amukweza ndege ali m'maunyolo. Anati bambo ake, ndi mtima wawo wodwaladwala uja, sangaimve nkhani imeneyo n'kudzukanso. Anapempha chaka chimodzi chokha, pali munthu amene akumukonzera mapepala.

"Tsiku lija ndinakunyamulira chikwama, mlamu. Sindinakufunse kanthu."

Foni itaduka, Digiri anakhala pabalaza la mayi ake. Chibwerereni sanasunthe kanthu m'nyumbamo. Makina osokera anali pakona pomwe paja, mpando wawo utayang'ana kuwindo, ndipo pawindopo panali makatani a maluwa achikasu amene anasoka okha. Nsalu imene inatsala anasokera katani kakang'ono n'kumuikira m'chikwama pamene ankapita kusukulu, kuti akamadzuka kudziko la eni azikumbukira kuti ali ndi kwawo. Kataniko kanatsala pawindo la chipinda chija. Mabuku amene anasiya sankawaganizira. Kataniko kokha ndi kamene nthawi zina kankamudzutsa.

* * *

Malume ake, mchimwene wa mayi ake, anamutengera kwa loya wina wamkazi amene ankadziwa nkhani za anthu opita kunja. Ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo fani yake inkangosuntha mpweya wotentha kuchoka pakona ina kupita pa ina. Mayiyo anawerenga pepalalo, anamvetsera nkhani yonse popanda dzina la Bigi, kenako anavula magalasi.

Anati mkangano wa lendi si mlandu wa polisi. Si kuba, si kumenya munthu. Anthu ambiri amakangana ndi eni nyumba n'kumayendabe, ndipo pawokha mkangano wotere kawirikawiri sutseka khomo la viza. Amene anamuuza kuti zatha, anatero, apitirize ntchito yake yojambula mapepala.

Digiri anali atayamba kupuma bwino pamene mayiyo anapitiriza. Choyamba, akafunsidwa asabise, chifukwa bodza limalemera kuposa mkanganowo. Chachiwiri ndi chimene chinali chovuta. Papepala, munthu wa dzina lake wakhala akugona, akusaina ndi kukangana m'dziko lija nthawi yaitali viza yake ya sukulu itatha. Wogwira ntchito kwa kazembe akaunika adzapeza anthu awiri a dzina limodzi: wina amene pasipoti yake ikuti anatuluka, wina amene akulimbana ndi mwini nyumba mpaka lero. Chidindo cha m'pasipoti chidzamuthandiza kuonetsa kuti anachokadi. Koma funso lotsatira lidzabwera lokha, lakuti nanga akusainayo ndani. Njira yoongoka inali yolembera bwalo tsiku la nkhaniyo lisanafike, kunena tsiku limene anachoka ndi munthu amene anamusiyira kiyi. Kusiyira wina kiyi mwini nyumba osadziwa kunali kulakwa, inde, koma kulakwa kotha ndi kupepesa. Akangokhala chete, chigamulo chidzagwera pa dzina lake, ndipo iye sangamulangize kupempha viza ndi chinthu chosafotokozeka chotero. Zoti adzakanidwa ndithu, sangalumbire. Palibe munthu wa kunja kwa ofesi ija amene angalumbire.

"Ndingalembe kuti ndinasiyira munthu, osatchula dzina?"

"Ungalembe. Akufunsanso. Udzayankha kuti unapatsa mphepo?"

Potsika masitepe malume ake anamufunsa kuti munthuyo ndani, kuti m'bale ndi amene angamuteteze chonchi. Digiri anati si m'bale. Anayenda pang'ono n'kuonjezera kuti sanakhalebe m'bale. Malume ake anamuyang'ana cham'mbali, koma anali munthu wosakonda kukumba pomwe sanabzale.

* * *

Sabata imeneyo mauthenga a Nesi anafupika. Digiri akalemba kuti wadzuka bwanji, yankho linkabwera masana: ali pa ntchito. Ngakhale tsiku lake lopuma anali pa ntchito. Kamodzi kokha analemba zambiri, kufunsa ngati mkaziyo ali ndi mwana, kenako anaufufuta uthengawo Digiri atauwerenga kale.

Nkhani ya mwanayo inali ndi kochokera. Azakhali ake a Nesi ankakonda kukhala pashopu ya Sitampa, chifukwa Sitampa ankawakutira mapepala awo a kutchalitchi m'pulasitiki osawalipiritsa, ndipo ankawatcha mayi. Nkhani inatuluka m'shopumo ili mkangano wa lendi. Pofika pachipata cha kwa Nesi inali itakula: Digiri anathawa apolisi, anasiya mkazi ndi mwana m'chipinda cha eni, ndipo maliro aja anangopezerapo danga.

Bambo ake a Nesi anaitanitsa Digiri ndi malume ake Lamlungu masana. Anali munthu wopuma pa ntchito ya zanjanji, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo tsikulo anavala nsapato zija. Mayi ake a Nesi anabweretsa tiyi, anathira m'makapu, sanayang'ane munthu aliyense kumaso. Nesi anaima pakhomo lopita kukhitchini. Azakhali anakhala pa sofa yaikulu okha, ndipo sanadikire kupatsidwa mpata. Anati mnyamatayu sukulu anaithawa, lendi anaithawa, ndiye mkazi adzamuthawa liti, bola angonena tsiku kuti anthu akonzekere.

Malume a Digiri anayesetsa. Anafotokoza zimene loya ananena, kuti nkhaniyi si ya polisi, kuti mwanayu anachoka kumeneko mutu usakugwira chifukwa cha maliro a mayi ake. Bambo a Nesi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti maliro aliyense m'nyumba muno anaikapo, koma palibe amene anasiya milandu m'mbuyo. Kenako analoza pakhoma.

Pakhomapo panali chithunzi cha Bigi m'felemu yagolide, atavala jekete, atakhala pamphepete pa tebulo ngati mwini kampani. Bambowo anati mwana wawo uyu anapita dziko lomwelo, amayenda misewu yomweyo, koma dzina lake silinalembedwepo pa mndandanda wa bwalo lililonse. Ali ndi nyumba yake ya thukuta lake. Ngati kunja kumaononga anthu, bwanji uyu sikunamuononge?

Chithunzicho Digiri ankachidziwa. Nthawi zonse akabwera m'nyumbamo ankasankha mpando wochifulatira, koma lero anamukhazika poyang'anizana nacho. Kuseri kwa phewa la Bigi kunkaoneka windo, ndipo pawindopo katani kakang'ono ka maluwa achikasu. Anafuna kuchotsa maso, koma maso anakakamira pa mpendero wa m'munsi, pomwe mayi ake anabwereza ulusi kawiri chifukwa singano inali itathyoka. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira chithunzi cha mlamu wake.

"Ndikufunsa kamodzi, mwana iwe. Ali m'chipindamo ndani?"

"Bambo, sindingathe kumutchula."

"Ndiye nanenso sindingathe kukupatsa mwana wanga."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi, mofewa, ngati akupha udzudzu. Digiri potuluka anayang'ana kukhomo la kukhitchini. Nesi sankayang'ana iye. Ankayang'ana pakhoma.

* * *

Nesi anabwera kwa Digiri mawa lake akuchokera kuntchito kuchipatala, ali mu yunifolomu. Sanapereke moni. Anapita molunjika pawindo la pabalaza, anagwira katani ndi zala ziwiri n'kuiyang'anitsitsa ngati akuunika bala.

"Nsalu iyi ndi yomwe ija."

Digiri sanakane. Anafotokoza zonse, kuyambira pa foni ya maliro mpaka pa chaka chimodzi chimene Bigi ankapempha. Ankaganiza kuti Nesi alira chifukwa cha mchimwene wake, koma mkwiyo wake unayamba ndi amene anali pafupi. Anati iye wakhala sabata yathunthu akumenyana m'mutu ndi mkazi amene kulibe, mpaka anamupatsa nkhope ndi tsitsi. Anati wamuonerera akunyozedwa ndi azakhali, amene mwana wawo yemwe sakudziwika komwe ali. Anati chithunzi chija wakhala akuchipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo makatani awa wakhala akuwatsegula ndi manja ake, koma maso ake anali kuti?

Digiri anati Bigi anamunyamulira chikwama tsiku limene iye sakanatha kunyamula ngakhale kapu.

"Anakunyamulira tsiku limodzi. Iwe wamunyamula zaka ziwiri, ndipo tsopano ukufuna kuti ndimunyamule ine ndi ukwati wanga."

Nesi anamuimbira Bigi pa foni ya Digiri. Bigi anayankha mwansangala, koma atangomva mawu a mlongo wake anadula. Anaimbanso, foni inali itazimitsidwa. Nesi anati akauza bambo ake madzulo omwewo. Digiri anamugwira dzanja, n'kumukumbutsa za mtima wawo, za ulendo wa kuchipatala wa chaka chatha. Nesi ankadziwa mtima umenewo kuposa iye, ndiye anakhala pansi.

Anakhala pamodzi pa sofa yakale, kunja ana akuchokera kusukulu. Nesi anatsamira mutu paphewa lake, akununkhira sopo wa kuchipatala. Analankhula motsitsa tsopano. Anati kuntchito yakunja ija sadzamudikira, akachedwa malo apatsa wina. Anati angathe kupita yekha, koma waona anzake amene anapita okha ponena kuti ndi chaka chimodzi, ndipo akudziwa kuti mafoni amayamba tsiku lililonse, kenako Lamlungu lokha, kenako pa tsiku lobadwa. Anati sakufuna kukasambitsa makolo a eni masana onse n'kubwerera m'chipinda mopanda womufunsa kuti waswera bwanji.

"Ganiza, Digiri. Koma usaganize ngati mmene unaganizira za sukulu, mpaka chaka chinatha uli pampando womwewu."

Mawuwo anamupweteka, koma anali atamuitana dzina lija, ndiye anawalandira.

* * *

M'mawa wa Lachitatu kunagogoda munthu. Digiri atatsegula anapeza mayi ake a Nesi, okha, atanyamula kachikwama ka kumsika. Anali asanapondepo pakhomopo. Anawalowetsa, ndipo asanawalozere pokhala iwo anakoka mpando wa pa makina osokera n'kukhalapo. Pampando umenewo panali pasanakhale munthu chichitikireni maliro. Digiri anapita kukatereka madzi a tiyi.

Mayiwo anayamba ndi kuyamikira ukhondo wa m'nyumba. Anafunsa ngati makinawo akugwirabe ntchito. Kenako anaika kapu pansi n'kunena kuti iwo akudziwa amene ali m'chipinda chija. Anadziwa kalekale. Bigi anawauza yekha pa foni chaka chimene mapepala ake anatha, akulira ngati kamwana, ndipo iwo akhala akuisenza nkhaniyo okha, akugona bedi limodzi ndi mwamuna amene amapukuta nsapato zija m'mawa uliwonse. Lamlungu lija, anatero, pamene Digiri anakana kutchula dzina anadziwa kuti mwana wawo wamkazi sanasankhe molakwa.

Ndiye anabwera ndi pempho. Za bambo awasiyire iwo. Zaka zonsezi akudziwa potembenuzira mwamuna wawo, ndipo ukwati uchitika Nesi asananyamuke. Koma Digiri asalembere bwalo lija. Asapemphenso viza pakali pano. Nesi atsogole, iye atsale, mpaka Bigi akonze mapepala ake. Chaka chimodzi, mwina ziwiri. Nyumba ali nayo, anthu akumudziwa, akhala mkamwini wawo wapafupi.

Digiri anati chigamulo chikagwera pa dzina lake mwina sichidzachokanso msanga. Mayiwo anati akudziwa. Anati sakumupempha chinthu chaching'ono, ndipo sabwera kudzanamizira kuti n'chaching'ono.

"Iwe unaika mayi ako, ukudziwa kulemera kwake. Ine usandiikitse mwamuna, n'kundibweretsera mwana m'maunyolo sabata yomweyo. Ndakugwira mwendo, mwana wanga."

Mawu awiri omalizawo Digiri anali asanawamve m'nyumba imeneyo chichokereni mwini mpandowo, ndipo anachokera pampando womwewo, kuwala kwa pawindo kukugwera paphewa pomwe kunkagwera kale. Ankadziwa kuti mayiwo sanachite dala. Mwinanso anachita dala. Sizinasinthe kanthu. Anamva pakamwa pake pakuyankha mutu usanamalize kuganiza.

"Ndamva, mayi. Sindimutchula. Nditsala."

Mayiwo anamugwira kumutu ndi dzanja lofunda, anatola kachikwama kawo, n'kupempha kuti Nesi asadziwe kuti anabwera. Anawaperekeza mpaka pachipata. Anakhotera njira ya kumsika, akuyenda mofulumira ngati munthu amene watula katundu.

* * *

Tsiku lomwelo Nesi anafika dzuwa lili pamutu, pa nthawi yake yopuma, akupuma mofulumira chifukwa chothamanga kuchokera pokwerera basi. Nkhope yake inali yopepuka kwa nthawi yoyamba chichokereni kwa Sitampa. Anamupsompsona patsaya ali pakhomo pomwepo, osasamala za anthu odutsa.

Anati wazitha. Usiku wonse sanagone, ndipo anaona kuti akamudikira Digiri adikira mpaka tsitsi lituwe, chifukwa Digiri ndi munthu woti angalole kumira kusiyana n'kupondera mnzake paphewa. Ndiye m'mawa, pa foni yake, osadzera kwa Sitampa kapena kwa wina aliyense, walembera bwalo lija ndi mwini nyumba yemwe. Walemba m'dzina lake, ndi nambala ya pasipoti yake. Wanena tsiku limene Digiri anachoka, chifukwa chimene anachokera, ndi dzina lonse la amene akukhala m'chipindamo. Tchimolo, anatero, likhale la mlongo wake wa Bigi, osati la mlamu. Bambo awauza yekha pang'onopang'ono, mankhwala ali pafupi.

Anatulutsa foni kumuonetsa kuti kalaliki wa kubwaloko wayankha kale. Anati alandira, koma mawu a munthu wapadera sangawagwiritse ntchito pawokha. Alembera mwini dzina kuti atsimikize ngati zimene mayiyu wanena zili zoona kapena zabodza.

"Sunamutchule iwe, ndamutchula ndine. Iwe akakufunsa ungoti inde. Ukakhala chete ndiye kuti wabodza ndine, ndipo pasipoti imene ili pamenepo ndi yanga."

Digiri sanalandire foniyo. Nesi anamuyang'ana, kenako anayang'ana kumbuyo kwake, patebulo pomwe panali makapu awiri, ndi mpando wa pa makina umene unali utatembenukira kubalaza.

"Kunabwera ndani?"

"Mayi ako."

Nesi anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Ndiye wawauza chiyani?"

"Inde amene ukufunayo ndanena kale," anatero Digiri. "Ndanena kwa iwo."